Mawu a Mkamwini M'bokosi

1. Bokosi loyankhula

Sellah anali mtsikana wa Fomu 3 pa sekondale ina ya ku Balaka, ndipo chaka chimenecho mtima wake wonse unali pa bokosi. Pongoliona, bokosilo silinali lodabwitsa. Inali tabuleti imodzi yoikidwa m'kabokosi ka matabwa a bulugamu, kokhala ndi chogwirira ngati cha sutikesi. Chodabwitsa chinali chimene ana a kalabu ya makompyuta anaikamo.

Ku sikelo amayi amapatsidwa kalamba koyezera mkono wa mwana. Ukakakulunga pamkono, kamaonetsa mtundu. Wobiriwira ndiye kuti mwana ali bwino, wachikasu ndiye kuti wayamba kunyentchera, wofiira ndiye kuti zafika poipa. Ntchito ya bokosi inali kufunsa mayi dzina la mwana ndi mtundu umene kalamba kaonetsa. Ana a chikasu ndi ofiira linkawalemba pa mndandanda wa oti alandire phala ndi chiponde. Ena onse linkawauza kuti abwerenso mwezi wamawa.

Mayi wodziwa kuwerenga ankadina pagalasi la tabuleti. Wosadziwa ankangomvera bokosi likufunsa, iye n'kuyankha pakamwa.

"Diso ndi chala, khutu ndi pakamwa," ankatero a Blasius, mphunzitsi woyang'anira kalabu. "Njira ziwiri. Palibe mayi angatsale."

A Blasius anali munthu wa tayi ngakhale m'mwezi wa Okutobala, pamene Balaka amawotcha mpaka agalu kusiya kuuwa. Polankhula za bokosi ankati "ine ndi ana anga tapanga," koma aliyense m'kalabu ankadziwa kuti gawo lalikulu la pulogalamu analemba Sellah, masana alionse anzake ataweruka.

Mawu a m'bokosi anawapezanso ndi Sellah. Mlamu wake Uladi, amene ankathandiza pa sikelo kwawo ku Mposa, anabwera ku Balaka ku maphunziro a zaumoyo. Uladi anali ndi mawu okhuthala ngati a muulutsi wa pa wailesi, ndipo Chichewa ndi Chiyao ankazilankhula mofanana. Sellah anamujambula mawu masana amodzi, nkhani n'kutha.

Tsopano panamveka uthenga. Alendo a bungwe lina lothandiza zipatala zakumidzi anati adzaona bokosilo likugwira ntchito ku Mposa Lachisanu la sabata yotsatira. Likawasangalatsa, ana atatu a kalabu adzapita nalo ku chionetsero cha masukulu ku Blantyre. Pa pepala la a Blasius dzina loyamba linali la Sellah, mwana amene chibadwire anali asanapitirirepo Phalula pa msewu wa ku Blantyre.

Sabata imeneyo Sellah ankayenda ngati sakuponda pansi. Koma akulu anati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

2. Loweruka pansi pa mango

Loweruka a Blasius anatenga Sellah ndi mnzake wa m'kalasi, Luckness, kuti akayese bokosi ku Mposa alendo asanabwere. Anapeza amayi oposa makumi atatu atakhala pansi pa mtengo wa mango, ana kumsana, ena akulira, ena akuyamwa.

Mayi woyamba anagwada pafupi ndi bokosi n'kutchula dzina la mwana wake. Nthawi yomweyo makanda awiri anatsegula kukhosi.

"Sindinamve. Bwerezani," linatero bokosi.

Mayi anabwereza. Bokosi silinamvenso. Kachitatu mayiyo anakuwa dzinalo ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo, amayi onse n'kufa nacho chiseko.

"Dinani pagalasi!" analamula a Blasius.

Mayi anadina. Galasi linangoti zii. Anadinanso mwamphamvu mpaka bokosi kusuntha, koma palibe chinachitika. Chala chake chinali chouma, chong'aluka ndi matope a m'minda ya mpunga, ndipo galasi silinachimve. Luckness atangoligusa ndi chala chake cha cholembera, linayankha pompo.

Kenaka inafika nthawi ya Abiti Sidik, amayi aakulu a Sellah, mkulu wawo wa mayi ake. Anabwera ndi mdzukulu wawo Chiyamiko, mwana wa Uladi, chifukwa mayi wa mwanayo anali ndi pakati potopa. Atangotulukira, Uladi anasiya kaundula pa benchi n'kuzembera kuseri kwa nyumba ya sikelo, monga ankachitira mwezi uliwonse. Mkamwini sakhala pamaso pa apongozi ake.

Abiti Sidik anagwada, namwetulira Sellah.

"Takulandirani, mayi," linatero bokosi ndi mawu okhuthala aja. "Yandikirani, mundiuze dzina la mwana."

Abiti Sidik anadzambatuka ngati aponda khala la moto. Anakokera mpango kumaso, natembenuka, nayenda chafulumira mpaka kuseri kwa mtengo. Amayi ena anayi, amene pachibale analinso apongozi a Uladi, ananyamuka n'kuwatsatira. Chiseko chija chinazima.

Uladi weniweni ankadziwa kupatuka. Uladi wa m'bokosi anapitiriza kuitana: "Sindinamve. Bwerezani."

A Blasius anapukuta thukuta ndi mpango wa m'thumba, nalankhula mokweza, osasamala kuti akumva ndani.

"Umbuli! Mwaona umbuli? Munthu kuthawa tabuleti!"

Sellah anayang'ana pansi. Sanadziwe ngati akukwiyira aphunzitsi ake kapena iye mwini.

3. Manja a Abiti Sidik

A Blasius ndi Luckness atabwerera ku Balaka, Sellah anapita kunyumba kwa amayi ake aakulu. Anawapeza akupeta mpunga pakhonde, Chiyamiko ali pamkeka, akuseweretsa zitsekerero za mabotolo.

"Khala apo," anatero Abiti Sidik. "Iyayi, osati pampando. Pamkeka pompo, kuti undione bwino."

Sellah anakhala. Abiti Sidik anaika lichero pansi.

"Bambo a Chiyamiko ali pamudzi pano zaka zinayi. Nyumba yawo ndi iyo, munda akulimawo ndinawapatsa ndine. Zaka zinayi zonsezo sindinawayang'anepo m'maso, iwonso sanandiyang'anepo. Tikakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Akafuna kundiuza kanthu, amatuma mkazi wawo. Ukuganiza kuti timadana? Ndikadwala, ndi iwo amapalasa njinga kukanditengera mankhwala. Denga ili anafolera ndi iwo, ine nditapita kumunda dala. Umenewo ndiye ulemu wathu, ndipo ndi umene wasunga banja la mchemwali wako. Lero iwe wawatenga bambo aja, wawapinda, wawalowetsa m'bokosi, kuti azindiuza pamaso pa anthu kuti yandikirani. Subhanallah! Ndiyandikire kwa ndani?"

"Koma amayi, si alamu enieni aja," anatero Sellah chapansipansi. "Ndi mawu chabe."

"Mawu chabe? Kumzikiti akaitana pa sipika, kodi timakhala pansi n'kumati ndi chitsulo chikulira? Iwe unabadwira pano. Zaka zitatu zokha za ku Balaka, waiwala kale?"

Abiti Sidik anapitiriza.

"Ndipo si zokhazo. Taona manja awa." Anatambasula zikhatho. Zala zinali zokhakhala ngati khungwa la mtengo, ming'alu yake yakuda. "Manja amenewa ndi amene anakusambitsa mayi ako ali gone m'chipatala. Ndi amene amawokera mpunga umene aphunzitsi akowo amadya ndi supuni. Lero galasi lanu likuti pano palibe munthu. Ndiye mwamuna wa tayi n'kuimirira pakati pathu kuti ndife mbuli. Wallahi, ndinamva ndi makutu angawa.

"Ine sukulu sindinapite, koma mpunga wa faya ndi wa kilombero ndimasiyanitsa nditatsinzina, ndi chala ndi mphuno. Aphunzitsi ako angathe? Telala asanadule nsalu amayamba wayeza mwini malaya. Wosema mpini amayamba waona msinkhu wa wolima. Inu munayeza ndani? Munayezana nokhanokha m'kalasi mopanda mwana wolira, ndi tizala tanu tofewa, n'kumaomberana m'manja. Palibe anabwera kudzatifunsa kuti, amayi, mumamva bwanji, mumagwira bwanji, mungayankhe ndani, simungayankhe ndani. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma apa osafunsa ndinu, phula adya ndani? Adya uyu."

Analoza Chiyamiko. Mkono wa mwanayo unali woonda ngati phesi la mapira.

"Kalamba kakuonetsa chikasu, mwezi wachiwiri uno. Bokosi lanu likadzakhala ndilo lolemba mayina, ine sindidzaliyankha, ndipo ilo silidzamva chala changa. Mwanayu adzalembedwa ndi ndani?"

Pamenepo Chiyamiko anakwawira kwa Sellah, natukula katsekerero kachikasu mpaka pamphuno pake, kuti aone. Sellah anakayang'ana kanthawi. Kenaka anakalandira.

"Amayi, tabuleti ija ili ndi diso, lija timajambulira zithunzi. Bwanji mayi atamangotukula katsekerero ka mtundu umene kalamba kaonetsa, ilo n'kuona? Osalankhula, osadina. Likaona lizinjenjemera m'manja, kuti mayi adziwe kuti lamva ngakhale ana akulira. Dzina lingamawerenge pa khadi la sikelo ndi diso lomwelo. Ndipo mawu akhale a mzimayi."

Abiti Sidik anatola lichero.

"Chambone, zili bwino. Zimenezo ndingathe. Ukanafunsa kale."

4. Nzeru za a Blasius

Lolemba Sellah anafika m'chipinda cha makompyuta ndi pepala lodzaza mbali zonse. Anafotokoza za diso la tabuleti, za kunjenjemera, za mawu a mzimayi, za zitsekerero zitatu. A Blasius anamvetsera akugogoda tebulo ndi choko.

"Wamaliza? Alendo akubwera Lachisanu. Masiku anayi. Ukufuna tigumule nyumba yomanga kale chifukwa mayi wina akuchita manyazi ndi mkamwini wake? Ndiponso anthu ochokera kutali adzaone ana anga akutola zitsekerero kudzala? Akufuna sayansi, osati masanje."

"Koma sala, bokosi silikuwamva amayi aja."

"Bokosi lilibe vuto. Vuto ndi amayiwo, ndipo adzaphunzira. Tamverani tsono."

Anatseka chitseko. Anati Lachisanu Luckness ndi Sellah adzavala zitenje ndi mipango pamwamba pa yunifomu, n'kubereka ana obwereka. Anthu a pa sikelo adzauzidwa kuti atsikanawo akungoonetsa amayi kagwiritsidwe ntchito kake. Alendo adzauzidwa kuti ndi amayi achitsikana a m'mudzimo. Amayi enieni adzakhala chapatali ndi ana awo olirawo.

"Ndipo bokosi likafunsa mtundu, munene kuti wobiriwira," anawonjezera. "Pa wobiriwira ndi pamene limaimba nthungululu. Alendo amakonda zoterozo."

"Sala, kodi limenelo si bodza?" anafunsa Sellah.

A Blasius anaika choko pansi pang'onopang'ono.

"Mwana iwe, ndaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ana anzeru ndawaona ambiri, ena oposa iwe. Ukudziwa kumene ali? Pita pa Phalula, ukawapeza akuthamangira minibasi ndi mabeseni a tomato. Sanalephere chifukwa chosowa nzeru, analephera chifukwa cha kuuma mutu. Mwayi sugogoda kawiri pakhomo la mwana wa mlimi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tikafika ku Blantyre, anthu akakuona, akakudziwa, ndipo zitsekerero zakozo ukhoza kudzapanga chaka chamawa. Koma ukandichititsa manyazi Lachisanu, dzina lako ndifufuta ndi dzanja langali. Ku Blantyre sudzapita, m'kalabu sudzakhalanso, tabuleti iyi sudzaikhudzanso. Ndanena pamaso pa mnzakoyu kuti mawa usadzati sanandiuze."

Taonani munthu wamkulu, wolembedwa ntchito yophunzitsa ana choonadi, akuphunzitsa ana kumanga mpango wa bodza! Zinthu zina zimanyansa ngakhale kuzifotokoza.

Potuluka, Luckness anamugwira dzanja Sellah.

"Aise, ndi mphindi zisanu zokha. Usatiphere ulendo."

 Lachinayi madzulo Sellah anapinda chitenje chimene anamupatsa mayi ake n'kuchiika m'chikwama. Tisamunamizire kulimba mtima kumene analibe: ku Blantyre ankakufuna, ndipo chitenjecho anachitenga kuti akavale.

5. Lachisanu

Alendo anafika pa galimoto yoyera dzuwa litakwera. Wowatsogolera anali a Matilda, mayi wa magalasi ndi kabuku m'manja. Amayi a m'mudzi anakhazikidwa patali, pafupi ndi mjigo. Abiti Sidik anali pakati pawo, ndi kajumbo kakuda pamiyendo.

A Blasius analankhula nthawi yaitali za diso ndi chala, khutu ndi pakamwa. Atamaliza, a Matilda anati:

"Zikomo aphunzitsi. Ife sitikonda zoyerekeza. Mndandanda umene bokosi lilembe lero tiupereka kwa anamwino, ndipo ndi umene agawire phala mwezi uno. Tiyeni tione."

A Blasius anamwetulira mokakamiza. "Mayi woyamba!"

Luckness anatulukira atamanga mpango mpaka m'nsidze. Kumsana anabereka Chiyamiko. Uladi anabwereketsa mwana wake ndi mtima woyera, poganiza kuti akuthandiza kuphunzitsa amayi.

"Takulandirani, mayi. Yandikirani, mundiuze dzina la mwana."

"Chiyamiko Uladi," anatero Luckness momveka bwino, popanda khanda lililonse lolira pafupi.

"Kalamba kaonetsa mtundu wanji?"

Luckness anakulunga kalamba pamkono wa mwana, osakayang'ana n'komwe.

"Wobiriwira."

Bokosi linaimba nthungululu. "Mwana wanu ali bwino. Mubwerenso mwezi wamawa."

Alendo anaomba m'manja. Mmodzi anajambula chithunzi. Pagalasi, dzina la Chiyamiko linalowa pa mndandanda wa ana athanzi, amene salandira kanthu.

"Mayi wachiwiri!" anaitana a Blasius.

Sellah anaimirira. Khanda limene anamubwerekera anali atalibweza kale kwa mwini wake. Anayenda mpaka pakati pa bwalo. Anavula mpango, namasula chitenje, n'kuchipinda. Siketi ya yunifomu inaonekera poyera.

"Pepani alendo. Ine si mayi. Ndine wa Fomu 3, uyunso ndi wa Fomu 3. Mwana ali kumsanayo si wake."



"Sellah!" anatero a Blasius mano ali chilumire.

Sellah anatenga kalamba m'manja mwa Luckness, nakakulunga bwinobwino pamkono wa Chiyamiko, n'kuitana a Matilda kuti aone okha. Kanaima pa chikasu, pafupi kwambiri ndi pofiira.

"Bokosi ili ndinalemba ndine, ndipo ndinalakwitsa," anatero Sellah. "Limamva ife a kusukulu. Eni ake siliwamva. Amayi, tabwerani."

Abiti Sidik ananyamuka kuchokera ku mjigo, nayenda osafulumira. Uladi, ataona apongozi ake, anazemberanso kuseri. Abiti Sidik anagwada pafupi ndi bokosi.

"Takulandirani, mayi. Yandikirani..."

Nthawi ino sanathawe. Anakokera mpango kumaso n'kulifulatira bokosi. Ali chifulatire, anatambasulira dzanja kumbuyo, napapasa galasi, nadina. Zii. Anadinanso. Zii. Anadina kasanu, anthu onse akuwerenga mumtima, ndipo galasi silinadziwe kuti lakhudzidwa.

"Sindinamve. Bwerezani," linatero bokosi.

A Matilda anagwada pambali pawo. "Mayi, mwalifulatira chifukwa chiyani?"

"Akulankhulawo ndi apongozi anga," anayankha Abiti Sidik. "Kwanu mumawayang'ana?"

A Matilda anagwira pakamwa. Kenaka anatenga dzanja la Abiti Sidik, nalitembenuza, nayang'ana zala zija nthawi yaitali.

"Madamu, mwana ameneyu ndi wamwano," anayamba a Blasius. "Tinangofuna kuti muone mmene bokosi lingagwirire ntchito anthu akaphunzira..."

"Aphunzitsi, mwana wonyentchera mwamulemba kuti ali bwino, ine ndikuomba m'manja," anatero a Matilda. Mawu awo anali otsika. "Akanakhala mwezi wathunthu osalandira phala chifukwa cha nthungululu zanu."

Anaitana anamwino, ndipo dzina la Chiyamiko linalembedwa ndi cholembera pa mndandanda woyenera. Atatero anatseka kabuku kawo.

"Lero za Blantyre sitikamba. Ndibweranso pakatha masabata awiri. Bokosi likadzawamva mayi awa, tidzakambirana. Likadzalephera, sukulu yanu iiwale."

6. Kajumbo kakuda

Fumbi la galimoto yoyera lisanathe, a Blasius anatulutsa pepala lawo lija. Anafufuta dzina loyamba mwamphamvu mpaka cholembera chinaboola pepala.

"Ndinakuuza. M'kalabu watuluka. Tabuleti ndikaitsekera m'kabati yanga, ndipo ukadzangoiyandikira udzaona. Lolemba ubwere ndi kholo kwa ahedi."

"Nanga bokosi akonza ndani, sala? Masabata awiri..."

"Si nkhani yako."

Luckness anabweza Chiyamiko osamuyang'ana Sellah. Maso ake anali ofiira. "Wakondwa?" anatero, n'kukakwera minibasi.

"Iwe kwanu ndi konkuno, utsale," anatero a Blasius. Ananyamula bokosi ndi chogwirira chake chija, nakhala kutsogolo, minibasi n'kunyamuka.

Sellah anatsala ataima pansi pa mango, chitenje chopinda chili m'manja. Apa ndi pamene misozi inabwera, ndipo inabwera yambiri. Amene ananama anapita atakhala pampando wakutsogolo. Amene ananena zoona anatsala pafumbi, wopanda ulendo, wopanda kalabu, wopanda bokosi limene analivutikira chaka chonse. Aliyense amene angakuuzeni kuti choonadi sichipweteka mwini wake, ameneyo sanachinenepo.

Abiti Sidik anafika ndi Chiyamiko kumsana, paketi ya ufa wa phala pamutu. Sanamutonthoze. Anangomasula kajumbo kakuda kaja n'kukhuthulira pa chitenje cha Sellah.

Zinali zitsekerero za mabotolo, zodzaza manja anayi, zotsukidwa bwino. Zobiriwira, zachikasu, zofiira.

"Tinatola sabata yonse, ine ndi anzanga aja," anatero. "Pamsika, pa golosale, mpaka kwa ogulitsa mafuta ophikira. Zofiira ndiye zinavuta. Tinkati lero ubwera ndi bokosi la maso lija, aliyense akhale ndi zitatu zake."

Sellah anayang'ana amayi amene anali akadali pa mjigo. Ena anali atamanga kale zitsekerero zawo pa ngodya ya chitenje, akudikira.

"Amayi, bokosi andilanda," anatero movutikira. "Ndilibe chopangira. Ndipo Lolemba akufuna kholo."

"Ndamva, sindine gonthi. Mayi ako ndi ofatsa, akangopepesa. Kholo lake ndine." Abiti Sidik anakonza mwana kumsana, namangitsa nsalu pachifuwa. "Tola zimenezo, usasiye ngakhale chimodzi. Lolemba tikwera minibasi yoyamba. Ndikufuna aphunzitsi akowo akandiuze okha, pamaso pa ahedi awo, chimene chalakwika ndi zala zanga."